A Chimwaza Anandiperekeza Kamodzi

Loweruka limenelo ndinatuluka m'nyumba ku Handsworth itangodutsa naini m'mawa, kumwamba kuli bii. Mvula ya kuno si yoti munthu angabzalire chimanga, imangokunyowetsa pang'onopang'ono mpaka ufooke. Akazi anga, mayi a Pempho, anali atangoweruka ku ntchito yawo ya unamwino, ndipo tinakumana pakhomo, iwo akulowa ine ndikutuluka. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso buku lomwe linkasuzumira m'chikwama changa.

"Mwangophunzira ma term awiri okha," anatero. "Musakayambe ku-diagnose anthu kwa eni ake."

Ankanena zoona. Ndili pa koleji ina kuno ku Birmingham, yomwe imalandira ngakhale ife a imvi, ndipo ndikuphunzira saikoloje, maphunziro a mmene munthu amaganizira ndi kumvera mumtima. Ndi kosi ya chaka chimodzi yokonzekeretsa munthu kulowa yunivesite. Ukakhoza bwino ndiye amakutenga kuti ukayambe digiri, ndipo ngakhale digiriyo ndi chiyambi chabe. Masiku omwe sindili m'kalasi ndimanyamula makatoni kosungira katundu ku Nechells. Koma nkhani ya Amalawi imanenepa ili m'njira. Kutchalitchi atangomva zoti ndabwerera kusukulu anayamba kunditchula kuti adokotala a maganizo, ine n'kumangoseka, poti dzina lokoma silivuta kuyankha.

Dzina limeneli ndi lomwe linandiitanira ulendowu. Lachitatu lake anandiimbira foni mayi Chimwaza a kutchalitchi kwathu, namwino pa chipatala chachikulu cha ku New Cross, ku Wolverhampton. Amuna awo anali mphunzitsi wamkulu pa sekondale ina ku Dedza, ndipo anatsatira akazi awo kuno zaka ziwiri zapitazo. Ntchito yophunzitsa sinapezeke. Yosamalira okalamba anaiyesa, inawakanika. Chidutsireni Khirisimasi anali asanapondeko kunja, kudya kunali kongolawa, tulo kunalibe, ndipo za dokotala sankafuna n'kumva komwe. Mayiwo anandipempha kuti, poti ndine mwamuna mnzawo komanso ndikuphunzira zomwezi, ndipite ndikangocheza nawo, mwina angavomere kukaonana ndi dokotala weniweni. Ndinavomera ndili ndi mantha, chifukwa chaka changa choyamba kuno nanenso ndinachithera pampando, ndikuyang'ana khoma.

Kwa wodwala supita chimanjamanja. Pa Soho Road ndinalowa m'golosale ya mayi wina wa ku Ghana n'kugula buledi, shuga ndi mbatata zinayi zomwe mtengo wake ku Lizulu ukanandipatsa dengu lodzaza. Mayiyo anandifunsa ngati kuli phwando. Ndinamuuza kuti ndikukaona wodwala, iye n'kuponyamo ndimu ziwiri zaulere, ati wodwala aliyense amafuna ndimu.

Kuchoka pamenepo ndinatsika wapansi mpaka pa Booth Street, pomwe pamaima tramu, kasitima kamagetsi kopita ku Wolverhampton. Tikiti yopita ndi kubwerera inandidya mapaundi asanu ndi kenakake. M'kati munali mofunda, mawindo atachita nthunzi. Pa Hawthorns panatsika anyamata ovala malaya a timu yawo ya mpira, atayamba kale kuimba ngakhale masewero anali a madzulo. Tinadutsa West Bromwich, kenako Wednesbury. Amene simunafikeko musaganize za England wa pa makalendala. Kumeneku ndi mafakitale akale a njerwa zakuda, milu ya magalimoto ophwanyika, ndi ngalande za madzi obiriwira momwe kale munkayenda mabwato a malasha.

Ndinatulutsa buku langa kuti ndikumbukire zomwe aphunzitsi athu anatiphunzitsa za kucheza ndi munthu wovutika mumtima. Ukhale moyang'anana naye. Umuyang'ane m'maso. Ufunse mafunso osayankhika ndi eya kapena ayi. Akakhala chete, usathamangire kulankhula. Ndili mkati mobwereza zimenezi, gogo wina wachizungu yemwe anakhala pambali panga anawerenga chikuto cha bukulo n'kundifunsa ngati ndingathe kuona zomwe akuganiza. Funso limeneli amandifunsa aliyense, kuyambira abusa mpaka anzanga a makatoni. Ndinayankha kuti zimenezo tiphunzira chaka chamawa. Anaseka, koma titafika ku Bilston analoza pawindo n'kunena kuti amuna ake ankagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo yomwe inali chapompo. Itatsekedwa anakhala pampando woyang'ana kumsewu, ndipo sanadzukeponso kwenikweni mpaka imfa. Gogoyo anatsika pa siteshoni yotsatira, n'kundisiya ndi nkhani yake pamiyendo.

Ku Wolverhampton ndinafika cha m'ma leveni, n'kukwera basi nambala 59 yodzera ku New Cross. Ulendo wake ndi waufupi. Theka la okwera linali anthu a pachipatala, mayunifolomu akuonekera kunsi kwa majasi, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva zinenero za ku Zimbabwe, ku Nigeria ndi ku India. Aliyense anali ndi nkhope ya munthu yemwe anagona mochedwa dzana ndipo sanabwezebe tulo take.

Nyumba ya a Chimwaza ili pa mdadada wa nyumba zogundana kuseri kwa chipatala. Mayi ananditsegulira, n'kulandira katundu ndi manja awiri. Pabalaza makatani anali otseka, nyali ikuyaka masanasana. A Chimwaza anaimirira kundipatsa moni atavala jekete ndi taye, nsapato zopolisha. Mtima wanga unawawa, chifukwa khosi lawo linali litachepera kolala, ndipo zinkaonekeratu kuti avalira ine.

Malonje anayenda monga mwa nthawi zonse. Iwo ali bwino, kaya ife. Mayi a Pempho ali bwino, Pempho ali bwino, kumudzi ali bwino kupatula mvula yomwe inadula msanga. Mayi Chimwaza anabweretsa tiyi ndi mandasi, n'kupita kukhitchini komwe anatsegula wailesi mokweza kuti tidziwe kuti sakumvetsera. Apa ndinati nthawi yakwana. Ndinatembenuza mpando wanga kuti tiyang'anane, n'kuwayang'ana m'maso monga bukulo linanenera.

"A Nkhoma," anatero patapita kanthawi, "pali china chake pankhope pangapa?"

Ndinagwetsa maso ngati mwana wa Fomu Wanu. Ndinali nditaiwala kuti kwathu munthu wamkulu sumuyang'anitsitsa m'maso chotero. Ndinayesa funso langa lija, loti akumva bwanji mumtima masiku ano, iwo n'kuyankha kuti akuthokoza Mulungu. Ndinayesa kukhala chete. Koma kupikisana kukhala chete ndi munthu yemwe wathera moyo wake akudikira ana opalamula kuti aulule okha ndi kudzivuta. Tiyi anazizira, ndipo woyamba kulankhula ndinali ine, za mtengo wa mbatata. Kenako iwo ndi amene anayamba kundifunsa. Mayeso ndi liti, yunivesite ndasankha iti, ndimawerenga nthawi yanji. Anandilangiza kuti ndiziwerenga m'mamawa, ubongo usanatope. Pofika thu koloko ndinali nditalandira uphungu wokwanira, iwo osalandirako kalikonse. Ndinatsanzika ndili ndi manyazi.

Ndikuvala jasi, ndinaona a Chimwaza akutenga chipewa chawo pamsomali. Mayi anatulukira pakhomo la khitchini, m'manja muli kansalu kopukutira mbale, n'kuima chilili.

"Ndingowataya pamsewupa," anatero bambowo. "Mlendo satuluka yekha ngati wakuba."

Ananditengera chikwama, monga amachitira mwininyumba, n'kutsogola. Pakhomo anaima pang'ono, akuphethira ndi kuwala, kenako anaponda panja. Zomwe buku langa, akazi awo ndi abusa analephera m'miyezi yonseyi, mwambo woperekeza mlendo unazichita popanda kufunsa funso.

Poimira basi panali pafupi, koma titafikapo anati tikakwerere patsogolo. Patsogolopo anadutsanso. Tinkayenda phewa ndi phewa, aliyense akuyang'ana kumene akuponda, ndipo mawu anayamba kutuluka okha. Anandiuza za ana asukulu omwe ankaimirira iwo akangotulukira pakhonde. Anandiuza za tsiku lomwe mtsikana wa msinkhu wa ana awo a Fomu Folo anawakalipira pamaso pa anthu, kunyumba ya okalamba kuja, chifukwa choyala bedi mokhota. Abale kumudzi amaimba foni kupempha feteleza, poganiza kuti kuno ndalama amachita kutola. Mayi awo owabereka anamwalira mwezi wa Novembala, ndipo maliro anaonera pafoni, atakhala pampando womwe ndinawapezapo, netiweki ikudukaduka. Bokosi likutsika m'manda chithunzi chinaima, ndipo pomwe chinkabwerera anthu anali akukwirira kale.

Tinakhotera m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande. Kunalibe anthu kupatula bambo wina ndi galu wake. Pa mlatho wina waung'ono a Chimwaza anaima n'kutsamira chitsulo, maso ali pamadzi.

"Madzi awa amaoneka ndili pawindo la kuchipinda," anatero. "Ndimawayang'ana kwambiri. Mayi akutopa nane, a Nkhoma. Ma shift onse aja, kenako kudzapezanso mtolo kunyumba. Bwenzi atapumako."

Pa zonse za m'kalasi, panatsala chimodzi chomwe aphunzitsi athu anatibwerezera mpaka kutitopetsa: munthu akalankhula chonchi, usazungulire, mufunse mwachindunji, ndipo akavomera usamusiye yekha, usasungenso chinsinsicho. M'Chingerezi funsolo limatuluka mosavuta. M'Chichewa, kwa munthu wamkulu kuposa iwe, limalemera ngati mwala. Ndinayang'ana madzi omwewo n'kufunsa.

"A Chimwaza, mukuganiza zodzipha?"

Ulendo uno sindinathamangire kulankhula.

"Masiku ena," anayankha. "Sabata ino kwambiri. Koma izi ndi za amuna awiri. Mayi asamve."

Ndinawauza kuti tsopano ndi nthawi yanga yowaperekeza. Anaseka pang'ono, kuseka koyamba tsiku lonselo, ati tikatero tiperekezana mpaka mawa. Tinabwerera njira yomweyo, iwo atanyamulabe chikwama changa, ndipo ankaoneka opepukidwa ngati munthu amene watula katundu kwa mnzake wodalirika. Zimenezo ndi zomwe zinkandipweteka kwambiri. Sindinafune kuwabaya kumsana, choncho titatsala pang'ono kufika ndinawauza poyera kuti nkhaniyi yandikulira, ine si dokotala, ndipo mayi ayenera kuimva lero lomwe, kaya kwa iwo kaya kwa ine. Anaima. Anandiyang'ana m'maso, momwe ine ndinayesera m'nyumba muja, kenako anavula chikwama paphewa n'kundipatsa.

M'nyumba anakhala pampando wawo osavula chipewa. Ndinadikira kuti ayambe okha, koma sanatero, ndiye ndinanena ine, iwo ali pomwepo. Mayi Chimwaza anagwira khoma. Kenako ndinaona nkhope ya mkazi wa munthu ikusanduka ya namwino. Anaimba foni ku nambala ya zaumoyo ya anthu ofunika thandizo lachangu, n'kuyankha mafunso onse ndi mawu osanjenjemera, misozi ikutsika yokha. Anauzidwa kuti apite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Mnzawo wina wa kuntchito, mayi wa ku Zambia, anabwera ndi galimoto. A Chimwaza sanakane, sanakalipe. Podutsa pomwe ndinaima anangoti, "Thank you for coming, Mr Nkhoma," ndi mawu omwe mphunzitsi wamkulu amatulutsira munthu mu ofesi.

Galimoto itapita ndinayenda ndekha kukakwera basi. Kunali kutayamba kuda ndi mitambo ya mvula ngakhale inali isanakwane faifi. Pa siteshoni ya tramu ndinagula samusa ziwiri zomwe zinali zitazizira pakati, n'kudya imodzi. Pa Hawthorns anyamata a mpira aja anakweranso, timu yawo itagonja, ndipo tonse tinayenda mwakachetechete ngati anthu ochokera kumanda. Buku lija sindinalitsegule.

Kunyumba ndinapeza mayi a Pempho akusita yunifolomu. Nditawafotokozera zonse anazimitsa simbi, n'kunena kuti ndachita bwino, komanso kuti ndisayembekezere zikomo. Apanso ankanena zoona. A Chimwaza tsopano akuonana ndi madokotala, ndipo mayi amanditumizira uthenga nthawi ndi nthawi: adya, agona, dzulo anapita okha kukagula mkaka. Foni yanga sayankha. Mwezi watha anabwera kutchalitchi koyamba, anapereka moni kwa mzere wonse wa abambo, n'kudumpha dzanja langa.

Yunivesite ya chaka chamawa ndikuifunabe, mwina kuposa kale, chifukwa tsiku limenelo ndinaona kuchepa kwa zomwe ndikudziwa. Kutchalitchi ndinawapempha kuti dzina la udokotala lija alisiye. Koma sindinama kuti mtima uli m'malo. Munthu uja ananyamula chikwama changa, anandiuza zomwe sanauzepo aliyense, ine n'kukaziulula dzuwa lisanalowe. Lamulungu lililonse ndimakhala kumbuyo kwawo, ndikuyang'ana khosi lija likudzazanso kolala, ndipo ndimatambasulabe dzanja pa nthawi ya moni.