Tambala wa Mfumukazi

Ndikakumbukira chilimwe chija ku Leeds, choyamba kundifikira ndi fungo la zitosi kuseri kwa nyumba yathu, litasakanikirana ndi fungo la mafuta a tchipisi lochokera pashopu ya pakona. Ndinali ndisanakwanitse zaka khumi, ndipo ntchito yanga m'mawa uliwonse inali kusesa m'khola la tambala woyera amene bambo anga anagula kwa mzungu wina wa dimba kunja kwa tawuni. Tambalayo sanali wathu. Anali wa Mfumukazi ya ku Mangalande, ngakhale mwini wakeyo sankadziwa.

Chaka chimenecho dziko lonse linapenga ndi chikondwerero cha ufumu wake wautali. Nkhope yake inali pa makapu, pa mabisiketi, ngakhale pa nsalu zopukutira mbale, ndipo anthu ankapukutira nkhopeyo mafuta a soseji kwinaku akunena kuti amailemekeza. Kusukulu tinkaloweza moyo wake ngati katekisimu: kuti inalowa ufumu ili mtsikana, ili paulendo ku Africa, kuti inkakonda akavalo ndi tiagalu tamiyendo yaifupi, kuti nduna zinkabwera n'kupita iyo ili pompo. Nditafunsa kuti nanga ntchito yake yeniyeni ndi yotani, aphunzitsi anandiuza kuti ndikhale pansi. Madzulo ana a mumsewu mwathu tinkasewera zaufumu, mmodzi atakhala pa bini ndi chisoti cha pepala akugwedeza dzanja, enafe titagwada. Sindinasewerepo masewera otopetsa ngati amenewo, koma lero ndimaona kuti tinkatsanzira bwino kwambiri.

Bambo anali mphunzitsi kwathu ku Malawi, ndipo anathawako chifukwa cha ndale. Boma la kuno linali litakana kale pempho lawo loti akhale, ndipo tinkangodikira apilo. Koma iwo mtima unali m'malo. Ali mnyamata wa sukulu anaimikidwa padzuwa m'mbali mwa msewu wa ku Chileka, kambendera kali m'manja, Mfumukazi itabwera kudzacheza, ndipo ankalumbira kuti inawayang'ana m'maso. Atamva kuti ibwera ku Leeds, anati nkhani yatha, akaonana nayo okha ngati anthu odziwana.

"Inu abambo, kuno nkhuku amagula yakufa, ili m'pulasitiki," anatero amayi. "Mukatichititsa manyazi."

"Kwa mfumu sapita chimanjamanja," anayankha bambo. "Kupatsa n'kuika, mayi. Mudzandithokoza."

Choncho tambala ananenepa ife tikuonda. Ankadya chimanga cha m'chitini ndi mpunga wotsala, ndipo Loweruka ndinkamupukuta nthenga ndi kansalu konyowa kuti aziwala. Kunja kumacha msanga m'chilimwe cha kuno, ndiye iye ankayamba kulira anthu ali m'tulo tofa nato, aneba n'kumamenya khoma. Bambo ankathamanga ndi bulangete kukafunditsa khola, akunong'oneza tambalayo kuti apirire, tsiku lake layandikira.

Tsikulo kunali kamvula kowaza. Bambo anavala suti yawo ya kutchalitchi, anamanga tambala miyendo n'kumuika m'chikwama cha amayi chogulira zinthu, ndipo tinakwera basi iwo akubwereza pansipansi mawu a Chingerezi amene anakonza. M'tawuni munali namtindi wa anthu kuseri kwa zitsulo zotchingira. Tinaima mpaka miyendo kuuma, ine njala itandigwira, tonsefe tikudikira nkhalamba imodzi imene sinadikirepo basi m'moyo wake. Galimoto yakuda itatulukira, bambo anagwada m'madzi momwemo, anatulutsa tambala n'kumukweza ndi manja awiri monga mwa ulemu wa kwathu. Tambala anakupiza mapiko, anakuwa, ndipo apolisi anawagwira mapewa asanamalize ngakhale moni.

Ine ndinaiona Mfumukaziyo. Ndinaona chipewa chonga chivundikiro cha poto ndi golovesi yoyera ikupita uku ndi uku, nkhope itayang'ana mbali ina. Basi. Ulemerero wonse umene tinaloweza kusukulu unadutsa mofulumira kuposa galimoto ya ayisikilimu. Anthu anaseka, ena akujambula bambo atagwada, thalauzi itanyowa m'mawondo. Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo si bambo anga amene ndinawapsera mtima.

Apolisi anawafunsa mafunso n'kuwamasula, koma tambala sanabweze. Kunabwera mayi wina wosamalira nyama, anamumasula miyendo, anamufunditsa kabulangete, akumusisita n'kumamutchula kuti womvetsa chisoni. Anatitsimikizira kuti amupezera malo abwino kufamu, kumene adzakhale mpaka kukalamba. Palibe anasisita bambo. Nyengo yozizira isanafike apilo inakanidwa, anawakweza ndege yobwerera ku Malawi, ndipo ine ndi amayi tinatsala kulimbana ndi mlandu wathu zaka zina zambiri.

Amayi ankakonda kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ine m'kati mwa mkuyu umenewu ngakhale nyerere sindinazipeze, munali mphepo yokha. Chilimwe chija chinandiphunzitsa kuti ulemu wa kwathu umafuna munthu woti akuone, akufunse kumene wachokera, alandire chimene wanyamula. Kugwadira chipewa n'kungonyowetsa thalauzi.

Mfumukaziyo itamwalira ndinali pantchito kuchipatala, anzanga akusisima m'makonde ngati afedwa mayi wowabala. Foni inalira, anali bambo ku Ndirande.

"Mwanawe, amayi athu atisiya. Ukaike maluwa m'dzina langa. Mphatso ija analandira, kungoti anali otanganidwa."

Sindinawatsutse, ndi okalamba. Koma maluwa sindinagule. Pa banja lathu lonse, amene ufumu umenewo unamufunditsa bulangete n'kumuuza kuti akhale, anali tambala yekha.