Mjigo Wakufa Umene Mapu Ankati Ndi Wamoyo

Ntchito yanga ku Limbe ndi yosakasaka deta, kapena kuti ziwerengero ndi mindandanda ya zinthu, pa intaneti. Amayi anga amangoti ndimagwira "za makompyuta", ndipo sindiwatsutsa, chifukwa ndikayamba kufotokoza amayamba kuyasamula. Chaka china bungwe lina linatipatsa ntchito yopanga pulogalamu ya pafoni yosonyeza midzi ya ku Chiradzulu imene ikusowa madzi, kuti lidziwe kokakumba mijigo yatsopano. Abwana anandiuza kuti ndipeze deta ya mijigo yonse ya m'bomalo.

Ndinasaka mpaka maso kuwawa. Ina inali yakalekale, ina mayina a midzi anali opotokapotoka ngati wolembayo ankalemba ali pa kabaza. Kenako ndinapeza yabwino, yaulere, yoikidwa ndi anthu amene anayenda mudzi ndi mudzi zaka zapitazo. Mjigo uliwonse unalembedwa malo ake, komanso ngati ukutulutsa madzi kapena unafa. Ndinavina ndili pampando, ine! Nditaiika pa mapu, mijigo yamoyo inaoneka ngati timadontho tobiriwira, yakufa tofiira.

Munthu ukapatsidwa mapu umayamba wayang'ana kwanu. Ndinakuza chithunzi cha kuseri kwa Mauwa, ndinatsata kamsewu kafumbi mpaka pa tchalitchi chathu. Mjigo wa m'mudzi mwathu unali wobiriwira bwinobwino.

Bodza lamkunkhuniza! Mjigo umenewo unafa kalekale. Pa Khirisimasi ndinauona ndi maso angawa, mbuzi zitagona pasimenti pake, chopopera chitachotsedwa. Amayi ankatunga pachitsime cha kudambo, kutsika ndi kukwera chitunda ndi bondo lawo lotupa.

Kukonza kunali kosavuta, kungofufuta mawu amodzi n'kulemba ena basi. Koma pantchito yathu pali lamulo loti deta ya eni ake suisintha wekha. Ukaona cholakwika umalembera amene anaisonkhanitsa, iwo ndiwo atsimikize. Komanso muofesi monse ankadziwa kwathu. Ndinkawamva kale m'makutu mwanga anzanga a pantchito akunena kuti: "Aaa, asisi, m'boma lonseli mwangoona kulakwika pamudzi wanu wokha?" Ine kunenedwa zokondera ndimadana nako, ndimadana nako zedi. Ndinatumiza imelo kwa eni detayo mwaulemu wonse, koma sanayankhe. Kwa abwana, amene akanatha kutuma munthu panjinga kukaona, sindinanene kanthu. Ndinkadziuza kuti ndikusunga mwambo wa ntchito, chonsecho ndinkangoopa kusekedwa.

Pulogalamu inatha, a bungwe anaomba m'manja. Mudzi wathu sunalowe m'gulu la midzi yosowa madzi, poti akuti uli ndi mjigo kale. Galimoto yokumba mijigo inadutsa pakhomo pathu penipeni n'kukaima kutsidya kwa mtsinje, kutali koti amayi sangafikeko ndi ndowa.

Ndinazemba kupita kumudzi kwa miyezi ingapo, manyazi. Nditapita nyengo yotentha, ndinapeza amayi pakhonde ndi anzawo a kumphakati akusankha nandolo. Titangopatsana moni, mmodzi mwa iwo, mayi wosasunga mawu m'kamwa, anandiyamba.

"Iwe, si paja amati uli ku za mijigo? Nanga galimoto ija inatidumpha bwanji? Ife tizimwabe limodzi ndi achule?"

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anayankha.

"Musamuvutitse mwana. Amakhala kutauni, akanadziwa bwanji kuti wathu unafa? Akanadziwa, bwenzi atawauza." Anatembenukira kwa ine. "Si choncho?"

Amayi ankadziwa bwino kuti ndinauona mjigowo, chifukwa tinadutsapo limodzi pochokera ku Misa. Ankangondiphimba pamaso pa anzawo. Bola akanandikalipira, zikanandipepukira. Ndinangoyang'ana nandolo m'lichero.

"Eya, amayi," ndinatero.

Alendo atapita, amayi anadzuka pang'onopang'ono atagwira chipupa, anatenga ndowa kuti akanditungire madzi osamba. Ndinathamanga kukawalanda.

"Amayi, patseni, ndipita ndine."

Anaikoka ndowayo mwamphamvu, osandiyang'ana.

"Khala pansi, watopa ndi ntchito. Njira ya kudambo ndi yoterera, iwe sunaizolowere."