Msonkhano Unathera Kuchimbudzi cha Abambo

Amayi a kosungira katundu agwira ntchito pakampani ina zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anzawo ndi ochuluka moti atati ayetsemule limodzi denga likhoza kuuluka: osesa, alonda, madalaivala, ngakhale amphaka a kuseri. Wina akadwala, iwo amafika kuchipatala wodwalayo asanafike.

Mpando wa ukapitawo utasowa mwini, aliyense anati, "Amayi, uwu ndi wanu basi." Iwo anasita diresi mpaka linayamba kupempha chifundo.

Koma msonkhano wosankha kapitawo uli mkati, bwana anadzuka kupita kuchimbudzi. Amuna anayi anamulondola, zikhodzodzo zawo zitadzaza mphindi imodzimodziyo. Amayi anatsala ndi mapepala awo, akuyang'ana chitseko chimene sangalowe. Amunawo anatuluka akuseka, manja ali chinyowere, kapitawo atasankhidwa kale: Chindevu, yemwe anabwera chaka chatha ndipo amasocherabe popita kokwezera katundu.

"Amayi, inu anthu amakumverani," anatero bwana. "Muzimuthandiza mnzanuyu."

Mpaka lero, m'mawa uliwonse amayi amamulembera Chindevu ntchito za tsikulo. Iye amaziwerenga mokweza pamaso pa onse, kenako n'kuwatembenukira: "Mwamva, amayi, kapena ndibwereze?"