Mmodzi sankayenda

Mayi Alzira a ku Fonte Boa sadziwa kulemba, koma kwa zaka makumi atatu ndiwo ankasunga mayina a anthu a m'mudzi mwawo amene anafera ku Malawi pothawa nkhondo. Analipo makumi awiri ndi mmodzi, ndipo mitanda ya pamanda awo chiswe chinadya kalekale. Chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira akufa, mayiwa ankapita kutchalitchi wapansi akuwatchula m'njira, n'kukawalembetsa kwa katekisiti.

Kenaka mwana wawo Nilton, mphunzitsi, anawatengera ku Ulongwe. Koma chikondi chinachi n'chopundula! Anawagulira mpando wofewa, khasu n'kubisa. "Mwalima mokwanira amayi, pumani." Anapumadi. Masiku ankangodutsa ngati nkhungu ya m'dambo, mayina aja n'kumapita nawo. Pofika Okutobala anatsala asanu ndi anayi okha. Ngakhale la khanda lawo, limene anaika ku Dedza, linali litathawa. Anagwidwa ndi mantha, manyazi osanena, ndipo sanauze munthu.

Tsikulo litafika, anakwera shapa, minibasi yopita ku Fonte Boa, ndi Nilton, koma pamphambano anaumirira kutsika. "Ndisiye ndiyende, mwanawe. Mutu wagona, mwina miyendo ikudziwa."

Anayamba mokoka, mawondo akudandaula, Nilton akung'ung'udza m'mbuyo. Pachitunda choyamba mtima unagunda mwamphamvu, thupi linatentha, ndipo anangomva pakamwa pawo pakuti, "Silvestro." Padimba la kachewere, "Margarida." Zinali ngati kulota masana: akufawo ankatulukira m'mizere yodikira mvula mmodzimmodzi n'kumawatsatira, mitolo ili pamutu, monga mmene anachokera pamudzi.

Anafika pakhomo la tchalitchi thukuta lili kamukamu, n'kutchula mayina makumi awiri osapunthwa. Katekisiti anaimitsa cholembera. "Watsala mmodzi, amayi."

Mayi Alzira anatembenuka n'kuyang'ana njira. Munalibe aliyense, fumbi lokha.

"Iii, ndiye ndikumufuniranji m'njira? Ameneyu sankayenda," anatero chapansipansi. "Ndinkachita kumubereka."

Anamasula nsalu ya m'chiuno, anawerama, n'kuimanga pachifuwa kumsana kulibe kanthu. Anayamba kuyendayenda pakhomopo akudzigwedeza, dzanja likusisita kumbuyo, anthu olowa m'tchalitchi akuwapatukira.

"Tonthola," anatero mayi Alzira, "tonthola, Judite, tafika."