Nyama ya ku Tsakane

Fungo la mafuta a nyama akamadonthera pa makala limandibwezera ku chisanu cha chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anzanga likawapeza amameza malovu. Ine ndimamva kutopa m'miyendo, ngati ndangotsika kumene m'takisi ndipo amayi akundikoka dzanja kuti tiwoloke msewu.

Tinafika ku Joni chisanu chikungoyamba, ine ndi amayi, kuchokera kwathu ku Lizulu. Tinkagona ku Elsburg m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake, mmene bedi, sitovu ya parafini ndi chikwama chathu zinkalimbirana malo. Amayi anapeza ntchito ya m'nyumba ku Boksburg, kuchapa ndi kusita kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ine ndinkatsala ndi amake Dalitso, mayi wa ku Chipata wa chipinda choyandikana nafe. Tsiku la amayi linali Lamlungu lokha, ndipo Lamlungu lililonse la chisanu chimenecho tinalithera pamsewu.

Ine anandiuza kuti tikufunafuna malo amene amawotcha nyama yokoma kuposa onse mu Joni. Ndinakhulupirira msanga, poti nkhani yake inali ya nyama. Zoona zake n'zakuti ankafuna bambo anga. Bambo ankawotcha kanyenya pamsika wa Lizulu, ndipo anachoka ine ndili ndi zaka zitatu. Anaimba foni chaka chimodzi chokha, kenako zii. Tchona wina atabwerera kumudzi ananena kuti anawaona akuwotcha nyama kum'mawa kwa Joni, koma dzina la malowo analiiwala. Kumudzi amayi sanali pabanja, sanalinso mbeta. Ankhoswe anakana kuthetsa ukwati mwini wake asanalankhule. Choncho amayi ananyamuka kuti akabwere ndi chimodzi mwa ziwiri, mwamunayo kapena kandalama kowasudzulira, kaja mwamuna amapereka posonyeza kuti mkazi wamumasula.

Malo owotchera nyama kumeneko amawatcha shisanyama. Ndi butchala yokhala ndi moto panja. Umalowa m'kati, n'kuloza nyama yaiwisi, akuyezera, kenako uinyamule wekha kupita nayo kwa anyamata a pamoto. Azimayi ena ankatuma ana awo iwo n'kukakhala patebulo. Amayi sananditume ngakhale kamodzi. Ankanyamula okha kambale ka nyamako, n'kukaima pafupi ndi moto mpaka maso kufiira ndi utsi, akuyang'ana nkhope za owotcha mmodzimmodzi. Ine ndinkaganiza kuti akulondera nyama yathu kuti asatisinthire.

Tinkadzuka kukuzizira koti madzi a pampopi ankaluma zala. Amayi ankandipaka mafuta kumaso mpaka kung'anima, n'kundiveka juzi yaikulu imene abwana awo anawapatsa, manja ake opinda katatu. Tinkakwera takisi mpaka ku Germiston, kumeneko n'kufunsa ina. Ku Joni takisi suimitsa ndi pakamwa, umaimitsa ndi zala, ndipo dera lililonse lili ndi kalozedwe kake. Kawiri konse amayi analoza molakwika, tinakatsikira kumene sitinkafuna. Pawindo ndinkaona milu yachikasu ya mchenga wa m'migodi, udzu wopserera m'mbali mwa msewu, ndi mapepala apulasitiki atakodwa pa mawaya. Mphepo inkatithira fumbi m'kamwa, ndipo tikamafika milomo inali itang'ambika kale.

Ntchito yanga ndinkaigwira mokhulupirika. Ndinkalawa n'kugamula ngati woweruza. Ya ku Vosloorus inali yolimba ngati nsapato za matayala. Ku Katlehong nyimbo zinkasokosa mpaka mbale kumanjenjemera patebulo, ndipo nyama yake inali yosapsa m'kati. Ku Daveyton anaipaka msuzi wotsekemera, ndinadandaula njira yonse kuti anthu akulu bwanji amathira shuga m'ndiwo. Amayi ankangoti, "Chabwino, tiyesa kwina." Iwo ankatsina kachidutswa kamodzi, kutafuna nthawi yaitali, zotsala n'kukankhira kwa ine.

Tsiku lina ku Tembisa anaona munthu pamoto atatifulatira, wamapewa otambalala. Anandisiya dzanja, chinthu chimene sankachita, n'kuthamanga pakati pa matebulo. Munthuyo atatembenuka anali bambo wa ku Mozambiki wa ndevu zaimvi. Amayi anapepesa, n'kubwerera pang'onopang'ono ngati asenza thumba la chimanga. Tsiku limenelo sanatsine n'komwe nyama. Ine ndinadya yonse, ndipo ndivomere kuti sindinawamvere chisoni, ndinangokondwa.

Pofika Ogasiti tonse tinali titatheratu. Mapazi a amayi ankatupa, nsapato ankazivala chopondera kumbuyo. Kutchalitchi anali atasiya kupita. Zovala zathu zinkanunkha utsi sabata yonse, ndipo ngakhale ine, mwini dyera, ndinayamba kulira akamandidzutsa Lamlungu. Ankafunsa dzina la bambo paliponse, anthu n'kumangopukusa mitu. Madzulo ena ndinawamva akuuza amake Dalitso kuti, "Ndatopa, asisi. Mwezi uno ukatha ndisiya, zikhale mmene zilili."

Amene anatipulumutsa ndi amuna awo a amake Dalitso, omwe ankamanga nyumba ku Tsakane. Anati kumeneko kuli munthu amene saipaka msuzi nyama. Amaidula tizidutswa ngati kanyenya, n'kukupatsa mchere wosakaniza ndi tsabola wa kambuzi pa kapepala. Dzina lake palibe ankalidziwa, aliyense ankangomuitana kuti Malawi. Amayi atamva anakhala pansi pakhomo pomwepo.

Ku Tsakane n'kutali. Tinakwera matakisi atatu, ndipo tinafika dzuwa litapendeka, mphepo ikuulutsa mchenga. Malowo sanali ooneka bwino ayi. Panali kontena yopaka penti yofiira, tenti yong'ambika, mabokosi a mabotolo okhalira, ndi migolo iwiri yodula pakati yodzaza makala. Koma tisanawoloke msewu fungo la kambuzi linatipeza, ndipo amayi anaima. Dzanja lawo linatuluka thukuta m'dzanja langa, kunja kukuzizira chotero.

Pamoto panali bambo woonda wa chipewa chaubweya, epuloni yake yakuda ndi mafuta. M'kontenamo munali mayi wobereka mwana kumbuyo, ndiye ankayeza nyama. Tili momwemo mayiyo anasuzumira panja n'kukuwa m'Chizulu, kuitana bambo a mwana wakeyo, "Baba ka Sipho!" Bambo wa pamoto uja anavomera. Amayi anagula nyama yathu, n'kuthokoza mayiyo mwaulemu, n'kutuluka nayo.

"Mutiwotchere, bambo. Ipse bwino," anatero amayi.

Bamboyo anakweza maso, ndipo mpeni unamupulumuka n'kugwera m'phulusa. "Nachisale," anatero chapansipansi. Limenelo ndi dzina la mfunda la amayi, koma ine sindinadabwe. Ndinkaganiza kuti Amalawi onse a ku Joni amadziwana.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa dzina. Nditati Tadala, anagwedeza mutu ngati ndakhoza mayeso. Anawotcha nyama yathu mosathamanga, kuitembenuza, kuifinyira ndimu, n'kuidula tizidutswa tokwana pakamwa pa mwana. Anawonjezapo chiwindi chimene sitinagule. Anang'amba kapepala, kuthirapo mchere ndi kambuzi, n'kundikhazika pa bokosi chapatali pang'ono.

Sindinadyepo nyama ngati imeneyo. Kunja inali yowauka bwino, m'kati yofewa, mafuta akutsikira m'chigongono. Tsabolayo ankandiliza misozi koma sindinaleke. Akuluakulu aja ankalankhula mu utsi, ndipo mawu ena ankandifika.

"Eish, zinthu zinavuta, Nachisale. Ndili ndi mwana kuno."

"Ndamuona. Sindinabwere kudzakangana. Ankhoswe akudikira yankho lanu."

Kenako bamboyo anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kandalama kachitsulo. Anakapukuta pa malaya ake, poti kanali ndi mafuta. Amayi anapinda bondo pang'ono monga amachitira akazi kwathu, n'kulandira ndi manja awiri, n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. Ine ndinati ndi chenji, ngakhale ndinadabwa kuti chenji akupereka wa pamoto pamene tinalipira m'kati.

Tikunyamuka amayi anandiuza kuti ndithokoze. Ndinanyambita zala, n'kunena mokweza monga anandiphunzitsira, "Zikomo, ankolo." Bamboyo anatembenukira kumoto n'kuyamba kukupiza makala amene anali akuyaka kale.

M'takisi ndinalengeza chigamulo changa, kuti malo aja tawapeza ndipo tizibwera komweko Lamlungu lililonse. "Tapeza eti, amayi?" Iwo anati, "Tapeza, mwanangu." Anatsamira pawindo n'kugona tulo tofa nato, pakamwa pali yasa, mpaka woyendetsa anachita kuwagwedeza ku Germiston. Lamlungu lotsatira anagona mpaka masana. Ndinalira, ndinagubuduka pansi, ndinawanena kuti ndi abodza. Tsiku lina ndinayesa kumasula kandalama kaja kuti ndikagule switi, ndipo anandimenya padzanja, kumenya kwenikweni. Tinabwerera ku Lizulu mvula isanagwe, ndipo kandalamako anakakaika pamphasa pamaso pa ankhoswe.

Anandiuza zonse ndili ku sekondale, tikutong'ola chimanga, mosakweza mawu ngati akunena za mitengo ya feteleza. Bambo sindinawaonenso. Lero ntchito yanga ndi yoyendayenda, ndipo tauni iliyonse imene ndafika ndimafunsa kumene amawotcha nyama yabwino. Ndikafika ndimapezeka ndayamba ndayang'ana nkhope ya wowotcha, nyama pambuyo. Ndayesetsa kudana nayo nyama ya ku Tsakane ija, koma ndalephera, palibe ina yaiposa. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu uja sanalakwe kugamula. Sankadziwa chabe kuti chimenecho ndicho chakudya chokha chimene adzakumbukire kuti bambo ake anamukonzera, ndi kuti pothokoza anawatcha ankolo.