Tiyi wa Pabwalo

Mumsika wa ku Ghorahi palibe amene samudziwa Homnath wokonza maambulera. Ndi bambo wouma mutu, wapakamwa posapuma, amene amati kulibe ambulera yakufa, kuli eni ake aulesi basi. Mabuku analibe nawo ntchito, mpaka tsiku limene Lokendra wogulitsa tiyi anamuponyera limodzi pamwendo.

"Akulu, mwatchukatu! Mlongo wanu walemba buku la moyo wake. Inunso mulimo, koma tsamba lake sindikuuzani."

Homnath anaseka nawo, koma bukulo sanalibweze.

Mlongo wakeyo, Tulasa, anachoka pakhomo ali kamtsikana, nthawi imene zigawenga za m'nkhalango zinkamenyana ndi asilikali a mfumu. Ananyamuka ngati akupita kusukulu, nakalowa gulu la zigawengazo, osabwereranso. Patapita zaka kunamveka kuti waphedwa kumapiri. Mtembo sunapezeke, choncho Homnath anachita zimene mwana wamwamuna amayenera kuchita. Anamanga chidole cha udzu wopatulika, nachiwotcha kumtsinje m'dzina la Tulasa. Anameta mpala, navala zoyera, nasala mchere mpaka maliro anatha.

Nkhondo itatha, wakufayo anatulukira pageti ndi kachikwama kumsana, wamoyo, atada ndi dzuwa. Wansembe anati munthu amene maliro ake anachitika salowa m'nyumba asanamuchitire mwambo wobadwanso. Tulasa, amene anali atasiya zamilungu, anangoseka.

"Achimwene, ndabadwa kale ine. Simukundiona?"

Koma mkazi wa Homnath anali woyembekezera, ndipo Homnath anaopa tsoka. Anamuyalira mphasa pabwalo, namupatsa tiyi pomwepo. Tulasa anamwa, natsuka yekha kapu pampopi, nabwerera kukakwera basi. Kuyambira pamenepo amangomvana pafoni mwa apo ndi apo, moni ndi za mvula.

Tsopano Homnath anatsegula bukulo ngati munthu wopita kubwalo la milandu. Kuwerenga kwake n'kolondola ndi chala, milomo ikugwedera, moti makasitomala anatopa naye. Ankafuna mlongo wake amunyoze, kuti naye apeze poyankhira. Mayankho anali atawakonza kale: mwambo sanaupange iye, ndipo wothawa pakhomo ndani?

Anapeza zina. Anapeza kuti usiku wina Tulasa asanachoke, asilikali atabwera kudzasecha mudzi, iye anabisa Tulasa m'nkhokwe ya mpunga n'kukhala pakhomo pake akuyimba ngati woledzera. Iye anali ataiwala. Anapeza njala ya m'nkhalango, anzake a Tulasa akufa mmodzimmodzi, ndi kamtsikana kolira chamumtima pa chikondwerero chimene alongo amapaka abale awo utoto pachipumi.

Za tsiku lobwerera lija panali mizere iwiri yokha: "Nditafika kwathu, achimwene anandiphikira tiyi ndi manja awo. Anakumbukira kuti sindimwa wa mkaka."

Za mphasa, ayi. Za pabwalo, ayi ndithu. Homnath anabwereza mizereyo, manyazi akumudya. Bola akanamutukwana! Munthu wakutchinjiriza pamaso pa dziko lonse ungamuyankhe chiyani?

Anatseka pamalo pake dzuwa likadali pamutu, naimba foni.

"Tulasa, ndawerenga."

"Lonse? Inuyo achimwene? Ndiye kugwa matalala lero."

"Usandiseke. Chikondwerero chayandikira. Chipumi changa chakhala chouma zaka zonsezi. Ubwere, mlongo wanga."

Kumbali inayo kunkamveka magalimoto a mumzinda wa Kathmandu, kumene Tulasa ankakhala. Kenako Tulasa analankhula mofatsa, mopanda mkwiyo, ngati wofunsa njira.

"Ndibwera. Koma mundiuziretu, achimwene, kuti ndisadzachite manyazi pamaso pa ana anu. Ndikafika, ndidzaime pati?"

Homnath, bambo wapakamwa uja, anatsegula kukamwa, koma chimene chinatuluka ndi kulira.