Khilisimasi imene ndinaiwala mau a atcheyamani

Uthenga unandipeza ndikuswa nshawa za mbeu pakhomo pathu ku Mphamba. Asibweni, mlongo wa amama, anaunena asanatsike n'komwe panjinga: aphunzitsi asankha ine, ine ndemwe, kutsogolela nyimbo ya Khilisimasi ku boma pamaso pa atcheyamani a chipani. Ndinavina ine, ndinavina, lichelo n'kugubuduka, nkhuku n'kudyelatu Khilisimasi yao.

Nyimboyo inali yathu ya kuchalichi, ya m'Chitumbuka, ya Mwana wogona modyela ng'ombe. Amama ankandiimbila ndili kumsana. Koma atcheyamani, bambo wa ku Chipata wovala suti ndi dzuwa lomwe, anati Chitumbuka n'chakumudzi, ndipo Mwanayo alibe khadi la chipani. Analamula kuti kaimbidwe kakhale komweko koma mau asinthe. Potchula Mwana titchule chipani, potchula abusa titchule anyamata ao aja olanda madengu pachipata cha msika. Aphunzitsi anavomela, natiphunzitsa ndi lula pazala. Mpaka lelo, ndi imvi zangazi, sindinawakhululukile. Munthu woimba kwaya pa Sondo, pa Mande n'kumachotsa Yesu m'nyimbo ngati minga ya nsomba.

Amama anali ndi malo pamsika wa Lundazi, ogulitsilapo nyemba. Malowo ndiwo ankatidyetsa, ndipo atcheyamani akanatha kuwalanda pongoloza chala. Pondimanga duku tsikulo, amama anati, "Imba zimene akufuna, mwana wane. Chiuta amawadziwa mau ake."

Mvula inali itangokata, msika ukununkha matope ndi kapenta wonyowa. Anandikweza pathebulo. Ndinatsegula pakamwa, mau a chipani onse balala, osatsalako ndi limodzi lomwe. Musanditame, sikunali kulimba mtima, ndinangoiwala. M'kamwa munatsala a amama okha. Ndinaimba Mwana, ndinaimba ng'ombe, amai ogulitsa analandila, nyimbo n'kufalikila mpaka kwa osoka nsapato.

Atcheyamani anaimilila. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana amama. Anyamata aja anamenya dengu la amama ndi mwendo, nyemba zili mbwee m'matope, ndipo tisanachoke pamsikapo, malo athu anali a mlamu wa atcheyamani. Sitinabwelelenso.

Ndinalila njila yonse, ndikuyembekeza chikwapu kunyumba. Koma dzuwa lisanalowe anthu anayamba kufika, mmodzimmodzi, akuimba nthungululu m'manja kuti zisamveke kumsewu. Amama ankaseka misozi ili mbwembwembwe. Ine sindinamvetse. Malo apita, nyemba zapita, nanga awa akuvinilanji, akundinyamulilanji?

Anabwela a NyaMtonga, nkhuku ili m'khwapa. Anabwela a NyaZimba ndi miyendo yao yotupa. Anabwela a NyaNyilenda, a NyaGondwe ndi amapasa ao, asibweni ndi ng'oma yokulunga m'thumba. Potsiliza, modzela kuseli kwa nkhokwe, anabwela a NyaBanda, akazi a aphunzitsi.